Difu Yowotcherera

Tsiku limene tinapita ku Mponela kukafunsa za difu ya galimoto yathu ndinalawirira kudimba kukathirira matimati. Pobwera ndinasesa pabwalo, ndinatulutsa mbuzi n'kukazimangirira kudambo, ndinachapa matewera a mwana wathu Promise, ndinapita ku mjigo, ndinaphika phala, kenako ndinakhala pansi kusankha mtedza wa mbewu. Nthawi yonseyi bambo a Promise anali chigonere chagada kunsi kwa galimoto. Sikuti ankakonza kanthu ayi. Ankangoyang'ana.

"A Phiri, phala likuzizira."

"Ndikubwera."

"Chitsulocho chikakuyankhani mundiuze."

Galimoto yathu ndi pikapu yakale, ija yoti ukafuna imakoka ndi mateyala onse anayi. Amuna angawa, a Rodrick Phiri, anaigula atagulitsa ng'ombe zimene bambo awo anawasiyira, n'kubwera nayo kuno kwathu kumene akukhala chikamwini. Ntchito yake yeniyeni ndi kukoka. M'chilimwe imakoka ngolo ya makina otongolera chimanga mudzi ndi mudzi, koma ndalama yooneka imabwera m'dzinja, malole a feteleza ndi a mavenda akamatitimira m'matope a m'mapiri athu ano, pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Lole ikatitimira mwini wake sanenerera mtengo.

Koma dzinja lapitalo inatichititsa manyazi. Ikafika poterera, teyala limodzi lakumbuyo linkangozungulira pamodzimodzi, kumwaza matope, linzake lili duu ngati silikudziwa kuti kuli ntchito. Kutsogolo nako chimodzimodzi. Anthu anayamba kuitana thirakitala ya kutsidya, ife n'kumangoimva ikudutsa. Ndiye pali a Elisha, msuweni wawo wa ku Joni, amene sankatopa kutumiza mauthenga pafoni. Bwera kuno, madalaivala akusowa, usafere m'matope. Tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde bambo a Promise anandiuza poyera kuti, "Dzinja likubwerali ikalephera kutidyetsa, ine ndipita."

Sindinakangane nawo. Bambo anga anapita ku Joni ine ndili Sitandade 7. Sukulu yanga inathera pomwepo, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Za galimoto ine sindizikonda, fungo la dizilo limandichititsa nseru, koma ndinaona kuti chimene chikugwira mwamuna wanga pakhomo pano ndi mateyala awiri akumbuyo aja. Choncho atamwa phala ndinabereka Promise, ndinati tiyeni tikamvere limodzi.

Galaja ya a Andireya ili kuseri kwa msika. A Andireya ndi mnzawo wa bambo a Promise kuyambira kale, n'chifukwa chake ine amanditchula kuti alamu.

"Ee, lero mwabwera ndi apolisi?" anatero atandiona ndikutsika. "A Phiri, mwalakwanji?"

"Ndabwera ndi eni mbuzi," bambo a Promise anayankha. "Mufotokoze bwinobwino, apo ayi simudya kanthu."

A Andireya anakoka beseni momwe munali difu yakale, chitsulo chozungulira cha mano, m'kati mwake muli timagiya ting'onoting'ono. Anandiuza kuti ndigwire mbali imodzi, iwo n'kuzungulitsa inayo. Mbali yawo inkayenda, yanga ili chiimire.

"Mwaona alamu? Galimoto ikamakhota, teyala lakunja limayenda ulendo wautali kuposa lam'kati. Timagiya iti ndi timene timalola kuti lililonse liyende palokha. Pa tala zimenezi ndi zabwino. Koma pamatope difu ndi kholo lopusa, chakudya chonse limapatsa mwana waulesi. Teyala limene likuterera ndi limene limalandira mphamvu, logwira pansi lija osalawa n'komwe."

"Ndiye tichite bwanji kuti onse azidya?"

Bambo a Promise analowerera. "Ine ndinamva kuti ku Lilongwe, kwa anyamata ophwasula magalimoto, kumapezeka ija yogwira yokha ikamva kuterera."

"Imapezeka. Koma yagwira ntchito zaka zingati kwa eni ake? M'kati mwake muli timbale timene timatha ngati nsapato, ndipo pogula simutiona. Ikhoza kukusangalatsani mwezi umodzi, mukamangirira lole ya matumba n'kutentha, basi yabwerera ku ulesi. Komanso mano ake akapanda kufanana ndi a difu ya kutsogolo, mwagula ndewu. Kutsogolo kuthamanga, kumbuyo kutsalira."

"Nanga yabwino ndi iti?" ndinafunsa.

"Yabwino ndi ya batani. Pamatope mwadina, mateyala amangana. Mwafika pa tala mwadinanso, amasukana. Imeneyo ndiye ya anthu okoka. Koma kuno kulibe, imachita kuitanitsidwa kunja."

Anatchula mtengo wake. Ndinaseka mpaka Promise anadzuka kumbuyo. Tikanagulitsa mbuzi zonse ndi malata a nyumba, mwina tikanagula batanilo lokha.

"Pali ina imene simukuitchula," ndinatero. "Ndakuonani mukuyang'ana makina owotcherera."

A Andireya anapukuta manja pa ovolosi. "Imeneyo ndi ya ife amphawi. Timagiya tija ndimatiwotcherera tonse, tikhale chitsulo chimodzi. Mateyala awiri aja amayenda ngati ng'ombe za pa goli, lina silingasiye linzake. Pamatope mudzaikonda. Koma ilibe batani, alamu. Ikamangidwa yamangidwa."

"Kuipa kwake?"

"Pafumbi ndi pamatope teyala lam'kati limaterera pang'ono pokhota, palibe vuto. Pa tala siliterera. Limakhula, limalira, limadyeka. Mukakhala opanda katundu imapirira. Koma mukokere chinthu cholemera pa tala, n'kukhota nacho, mphamvu yonse ija imapotokola shafuti, chitsulo ichi chochoka pa difu kupita ku teyala. Tsiku lina mudzangomva thyo."

Mtima wa bambo a Promise unali pa ya ku Lilongwe ija, ndinaona pankhope. Amuna amakonda chinthu chochokera m'tauni. Koma ine ndinagulapo mbewu ya m'pepala kwa venda, yopaka utoto bwinobwino, osamera. Chinthu choti m'kati mwake sindikuona sindiperekera mbuzi.

"A Phiri, lole inatitimirapo pa tala?"

"Ayi."

"Chimanga timatongolera pa tala?"

"Nabanda, mwayamba."

"Pa tala timafunapo chiyani, kupatula kukagula dizilo?"

Ndinatembenukira kwa a Andireya. "Wotchererani. Pa tala tiziyenda opanda kanthu, pang'onopang'ono, osakoka ngakhale wilibala. Foni ya ntchito ndizisunga ine."

"Mwamva nokha a Phiri. Ine ndanena kuipa kwake, mboni ndi mwanayu," anatero a Andireya.

Anawotcherera tsiku lomwelo, anathira oyilo watsopano. Pobwerera, paliponse pokhota mateyala ankalira ngati kagalu kopondedwa mchira, anthu n'kumacheuka. Titangolowa msewu wafumbi kulira kuja kunatha. Mawa lake mbuzi yanga yaikazi inakwera njinga kupita ku Mponela kukalipira a Andireya.

Mvula itayamba, galimoto ija inasanduka ina. Pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi wathu, pamene msewu umalowa m'madzi n'kukwera chitunda chadothi lofiira, inkatulutsa malole amene chaka chatha inkangowayang'ana. Bambo a Promise ankabwera matope mpaka m'makutu, ine n'kumachapa, osadandaula. Foni inkalira ndikupalira, ndikuyamwitsa, ndili ku mjigo, ndipo funso langa loyamba linali limodzi: mwaima pati, pafumbi kapena pa tala? Akati pa tala, ndinkati pepani, funani ena. Wina wa minibasi anachonderera mpaka kuwonjezera ndalama, ndinakana, ananditukwana. M'mudzi ena anayamba kunditchula kuti a manijala. Sindinasamale. Mauthenga ochokera kwa a Elisha ankabwerabe, koma bambo a Promise ankawamvera akuseka, ena osawatsegula n'komwe. Anayamba kukamba zoumba njerwa mvula ikatha.

Kumapeto kwa Febuluwale a Margareta anamwalira kuchipatala ku Mtengowanthenga. Anali mayi wachikulire wa m'mudzi mwathu, wa mumphakati wathu wa kutchalitchi. Sanali m'bale wanga, ndipo tinakanganapo mbuzi zanga zitadya nyemba zawo. Achibale awo anabwereka lole yaing'ono, azimayi a mumphakati anakwera kukatenga thupi. Ine ndinali m'gulu lotsala kutunga madzi ndi kutola nkhuni.

Masana, ndikuchokera kosiya nkhuni kusiwa, ndinapeza amalume anga a Tomasi atakhala pakhonde pathu, njinga atayedzamiritsa pagalimoto. Iwo ndiwo eni mbumba yathu, malo amene tamangapo nyumba anatiloza ndi iwowo.

"Lole ija yafa," anatero. "Angotuluka pa Mtengowanthenga, injini yazima, dalaivala walephera. Maliro ali pamsewu, azimayi ali padzuwa. Akamwini, dzutsani galimoto."

Bambo a Promise anayang'ana ine. Amalume anaona.

"Kodi pakhomo pano ndilankhule ndi ndani?"

Ndinakhala pansi chapatali. "Amalume, galimotoyi siikoka pa tala. Inawotchereredwa. Ikakoka ithyoka."

"Yakhala ikukoka malole a mavenda dzinja lonse. Yathyoka?"

"Amenewo ndi pamatope."

"Ndiye pamatope, povuta, imatha. Pa tala, posalala, ndiye iziti ayi? Iwe Iness, unene zoona. Ngati ndi ndalama ya dizilo, mudzi usonkha."

Ndinayesa kufotokoza za teyala lakunja ndi lam'kati, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza la munthu woumira. Amalume anadikira mpaka nditamaliza.

"Maliro n'kulirana, mwana iwe. Lero mukane, palibe akunyozeni pamaso. Koma tsiku lidzafika pakhomo pano, adzukulu okumba manda nawonso adzati makasu awo anawotchereredwa."

Bambo a Promise anali atatenga kale makiyi. Mkamwini sakana mawu ngati amenewo. Ine ndinali ndi nzeru ina, yoti tikangofika tikweze bokosi m'pikapu mwathu, loleyo itsale. Bokosi limodzi si katundu woti n'kuthyola shafuti. Ndinakasiya Promise kwa mayi anga, ndinakwera kumbuyo.

Tinaipeza lole itaima m'mbali mwa msewu, popanda n'komwe mthunzi. Azimayi anali atadziphimba zitenje kumutu, akuimba motsitsa ndi mawu otopa. Bokosi linali pakati, m'mbali mwake matumba a ufa ndi kabichi za pamaliro. Pafupi nalo panakhala bambo wina wa imvi, a Yosefe, mlongo wawo wa malemu, amene anachokera cha ku Mvera. Ndinapempha amalume kuti awauze maganizo anga aja.

A Yosefe anapukusa mutu amalume asanamalize. "Mlongo wanga sangatsitsidwe pamsewu ngati thumba la chimanga. Kwathu maliro akakwera amakatsikira pakhomo. Galimoto yazima chifukwa pali chimene akudandaula. Ndawalankhula, ndawapepesa. Mukawasamutsanso apa, mukufuna atitani?"

"Nanga ife titsala ndi ndani?" anafunsa mayi wina. "Ya minibasi tilibe."

Dalaivala naye anati lole ya eni ake sangaisiye pamsewu, pofika mawa adzapeza mafupa okhaokha. Aliyense anali ndi chifukwa chake, ndipo palibe chimene chinali chopusa. Ndinayesa kunena kuti tiimbire thirakitala ija. Amalume anaimba, mwini wake anati alibe dizilo, ndipo ngakhale atampeza sangafike dzuwa lisanalowe.

Bambo a Promise anatsitsa tcheni, anachilowetsa mu paipi yachitsulo kuti pamtsetse lole isadzatigunde kumbuyo, n'kumanga. Akumanga choncho anandinong'oneza kuti, "Ndiyenda pang'onopang'ono. Pokhota ndizitengera patali. Mwina ipirira."

"Mwina," ndinatero.

Amalume anakhala kutsogolo. Ine ndinakhala pansi kumbuyo, pamwamba penipeni pa difu, kuti ndizimva. Powongoka inkayenda bwino, injini yokha kubuula. Pakangokhala kokhota pang'ono ndinkamva m'miyendo mwanga chitsulo chikunjenjemera, teyala n'kudumpha, n'kugwiranso. Azimayi anakweza nyimbo poona kuti tikuyenda. Ine sindinaimbe nawo.

Pa Mponela, pokhotera msewu wa ku Ntchisi, bambo a Promise anatenga msewu wonse. Anyamata a kabaza anayamba kukuwa, "Iwe mdala, msewu ndi wako?" koma ataona bokosi anavula zipewa. Mateyala analira mpaka azimayi ogulitsa mbatata anaimirira. Fungo la mphira linandilowa pakhosi. Tinadutsa. Tinadutsanso mokhota mwina mwa m'mapiri, ndipo paliponse ndinkagwira mpweya, n'kuutulutsa tikawongoka. Titayamba kuona mapiri a kwathu ndinayamba kukhulupirira kuti a Andireya anangowonjeza, monga amachitira amakaniko.

Panatsala pokhota pamodzi, pamene msewu wathu wafumbi umachoka pa tala. Pamenepo m'pothina, mbali zonse kuli ngalande, ndipo ukangokhota chitunda chayamba. Palibe potengera patali. Bambo a Promise anachepetsa, anakhotetsa mpaka pothera, anaponda mafuta kuti lole ikwere. Mateyala akutsogolo anali atagunda kale fumbi, akumbuyo akadali pa tala.

Chinamveka ngati wina wamenya mgolo ndi nkhwangwa, pansi panga penipeni. Galimoto inadzuma n'kuima. Nyimbo inaduka.

Ndinatsika, ndinaimbira a Andireya. Ndinangoti, "Yathyoka."

"Mumakoka chiyani, alamu?"

"Maliro."

"Zimitsani. Apo yathyoka ndi shafuti imodzi, imeneyo ndikhoza kuisaka. Koma mukayenda, zidutswa zake zilowa m'mano, zipera chilichonse."

"Kuyenda ingayende?"

"Iyenda. Teyala linalo likadagwira, mukamanganso akutsogolo athandiza. Koma mukafika ndi zitsulo zogulitsa pa sikelo."

Ndinawauza bambo a Promise, amalume akumva. A Yosefe anali atagwira bokosi ndi dzanja limodzi, maso ali pansi. Amalume ankayang'ana kuphiri la Ntchisi kumene mitambo inali itada kale. Tonse tinkadziwa kuti mvula ikagwa kamtsinje kaja kadzaza, ndipo a Margareta agona pamsewu, kusiwa anthu atasonkhana kale, manda adzukulu atayeza.

Bambo a Promise anandikokera kuseri kwa galimoto. "Nabanda, nenani inu. Mukati ayi, ndizimitsa. Aziti mkamwini ndi woipa mtima, ine ndazolowera."

"Mukudziwa kuti ikafa, dzinja lathera pompano?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mudzatani?"

Anayang'ana kumbali. Yankho ndinaliona.

Ndinaima pamenepo manja ali m'chiuno. Ndinali nditawerengera matope, tala, mavenda, mtengo wa dizilo. Maliro sindinawerengere. Ndinaganiza za mayi anga amene akudwaladwala, amene tsiku lawo likadzafika adzafuna anthu omwewa kuti awanyamule. Ndinaganiza za Promise akukula m'mudzi momwe aliyense akudziwa kuti mayi ake anasiya maliro pamsewu chifukwa chosunga chitsulo. Mwamuna amatha kupita, kubwera kapena osabwera. Mudzi suchoka, ndipo ine ndilibe wina.

"Mangani akutsogolo," ndinatero.

Anagwada, anapotoza timaloko ta mateyala akutsogolo. Amalume anauza anthu kuti atsike, apa ndi kwathu, ayenda pansi. M'lole munatsala bokosi, a Yosefe ndi dalaivala. Tinanyamuka. Kumbuyo kunkamveka ngati chigayo chimene chalowa mwala, ndipo phokosolo linkakulirakulira. Ine ndinayenda pansi ndi azimayi anzanga, pafupi ndi teyala. Wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Galimoto yanuyi ndi yamphamvu, a manijala." Ndinati ee.

Pakamtsinje paja madzi anali ofika m'mawondo. Inalowa, inatuluka, inayamba chitunda chofiira chija. Pakati pa chitunda chinamvekanso china, chocheperapo, ndipo teyala lakumbuyo lotsala lija linasiya kukoka. Akutsogolo okha ndiwo ankapalasa. Amuna a m'mudzi amene anamva phokoso anathamangira, anaika mapewa kumbuyo kwa lole, ena kumaika miyala kuti isabwerere. Oyilo wakuda ankadontha mumsewu. Tinafika kusiwa madontho oyamba a mvula akugwa, ndipo bokosi linatsikira pakhomo monga a Yosefe anafunira.

M'mawa mwake mateyala akumbuyo anakana kuzungulira. Ng'ombe za amalume ndi zimene zinaiguza mpaka pakhomo pathu, ana akutsatira pambuyo.

Pamanda wolankhula m'malo mwa banja anathokoza a mpingo, adzukulu, amene anapereka ufa, "ndi akamwini a kwa a Tomasi amene atithandiza mayendedwe." Ndalama ya dizilo mudzi unasonkhadi, amalume anabwera nayo okha itamangidwa pakansalu. Za difu palibe anafunsa. Sikuti anali oipa ayi. Kwa iwo galimoto yakale inafa monga zimafera galimoto zakale.

A Andireya anabwera pa njinga yamoto patapita masiku. Atatsegula, oyilo wotsala anatuluka ndi tizitsulo tonyezimira ngati madeya. Mano onse anali atagumuka, chikho chosungira difu chitang'aluka. Tsiku limenelo sanaseke ndi munthu. Anati pakufunika chitsulo chonse chakumbuyo, kuchoka teyala ili kufika linalo, ndipo giyabokosi nayo sakuikhulupirira. Galimoto tinaikweza pamiyala kuti mateyala asaole.

Mvula inagwa Malichi yense. Foni inkalira, ine n'kumayankha kuti galimoto yafa, imbirani a thirakitala. Kenako inasiya kulira. Bambo a Promise ankapita kumunda, ankadya, ankanyamula mwana, koma madzulo ankakhala kuseri kwa khola foni ili kukhutu. Sindinafunse kuti akulankhula ndi ndani.

Anandiuza tikumenya soya. "Galimoto sindigulitsa, ili chonchi palibe angapereke zooneka. Ndigulitsa makina otongolera. Ndikagwira ntchito, ndikapeza ya zitsulo, ndibwera tidzaidzutse."

"Mwaganiza kale?"

"Nanga pano ndizitani, Nabanda? Ndiziyang'ana miyala?"

Ndinapitiriza kumenya soya. Ndinalibe china chowapatsa, ndipo kulira sikukanawotcherera kanthu. Sabata yonyamuka ndinawachapira, ndinasoka thumba la m'kati mwa thalauza, ndinakazinga mtedza wa panjira. Ndinawaperekeza mpaka pa tala, pokhota pomwe paja, chifukwa ndi pamene minibasi zimaima.

Zonse pamodzi zinatidyera izi. Mbuzi yaikazi imene inapita kwa a Andireya. Mateyala awiri akumbuyo amene tala anawadya masana amodzi. Shafuti, difu ndi chikho chake, mwinanso giyabokosi. Ntchito yonse ya mwezi wa Malichi. Makina otongolera chimanga pamodzi ndi ngolo yake, zimene zinalipira pasipoti ndi basi. Mbuzi zina ziwiri ndi theka la soya, kuti asafike kwa eni ake chimanjamanja. Dizilo yekha ndiye mudzi unabweza. Zinatidyeranso bambo a Promise, amene ananyamuka mwana asanayambe kulankhula.